Funsani Azakhali: Banja likatha, ndalama yothandizira ana amaiwerengera bwanji?

Mwezi uno mauthenga ambiri amene ndalandira pa WhatsApp akuzungulira pa nkhani imodzi, ya chithandizo cha ana bambo ndi mayi akasiyana. Ndasankhapo asanu, maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse, ndipo ena ndawafupikitsa chifukwa anali aatali zedi.

FUNSO: Azakhali moni. Ine ndine mayi wa ana awiri ndimakhala ku Ndirande, wamkulu ali sitandade 5 wamng'ono ali ku nazale. Bambo awo tinasiyana chaka chatha atapeza wina, poyamba ankatumizako ka 30 sauzande pa Airtel Money mwezi ukatha koma pano ndi miyezi inayi kuli zii, ndikaimba amangoti zinthu zavuta chonsecho munthuyo amagwira ntchito pa kampani ndipo ndikudziwa kuti salale yake siyochepera 450 sauzande. Ine ndimagulitsa kaunjika. Msuweni wanga amene ali ku UK akuti kumeneko amangodula 16 peresenti ya malipiro a bambo pa ana awiri basi nkhani yatha. Kodi kwathu kuno ndi maperesenti angati? Ndikufuna ndidziwe ndisanapite ku khoti ndingakachite manyazi.

YANKHO: Achemwali pepani ndi zimene mukudutsamo, ndipo musaope manyazi chifukwa palibe cholakwika chimene mukuchita. Msuweni wanuyo sakunama, ku UK kuli ofesi ya boma yotchedwa Child Maintenance Service imene imawerengera ndi maperesenti, kwa anthu olandira malipiro apakatikati ndi 12 pa mwana mmodzi, 16 pa ana awiri, 19 pa ana atatu kupita mtsogolo. Koma zimenezo nzakumeneko. Kwathu kuno lamulo silinaike peresenti ina iliyonse, ndiye wina akakuuzani kuti ndi theka la salale kapena kota ya salale dziwani kuti akungolankhula za m'mutu mwake.

Lamulo limene limagwira ntchito pa nkhaniyi ndi Child Care, Protection and Justice Act la chaka cha 2010, ndipo pamwamba pake pali malamulo aakulu a dziko lino, gawo 23, pamene analemba momveka bwino kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wothandizidwa ndi makolo ake kaya makolowo ali pabanja, kaya sanakwatiranepo, kaya banja linatha. Ndiye ndalama imene mukukapemphayo si yanu ayi, ndi ya anawo, inu mukungowaimirira. Mfundo imeneyi muigwire chifukwa azibambo ambiri amakafika ku khoti nkuyamba kunena kuti "ine sindingamadyetse mkazi woti ndinasiyana naye" ndipo amayi ena amayamba kuyankha zomwezo mpaka nkhani ya ana kuiwalika.

Tsono majisitireti akamaganiza kuchuluka kwa ndalama, lamulo limamuuza zinthu zoti ayang'ane. Amayang'ana zimene makolo onse awiri amapeza ndi chuma chimene ali nacho, onse awiri osati bambo yekha, ndiye geni yanu ya kaunjika nayo idzafunsidwa. Amayang'ananso ngati pali chinachake chimene chikulepheretsa kholo kupeza ndalama monga matenda kapena ulumali, amayang'ana ngati khololo lili ndi ana ena amene likuwasamala, komanso kukwera kapena kutsika mtengo kwa zinthu kumene mwanayo akukhala chifukwa kulera mwana ku Ndirande kolipira lendi ndi kugula madzi pa kiyosiki sikufanana ndi kulera mwana kumudzi kumene chimanga chili mu nkhokwe. Pamwamba pa zonsezo amaika ufulu wa mwanayo ndi china chilichonse chimene khoti laona kuti nchofunika. Nchifukwa chake azibambo awiri olandira salale yofanana atha kulamulidwa ndalama zosiyana ndipo palibe amene waberedwa.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse kwambiri. Poti palibe peresenti, nkhani yonse imatsamira pa zimene inu mwabwera nazo. Majisitireti sakudziwa kuti kwanu ufa umatha masiku angati. Ndinaperekezapo mdzukulu wanga wina ku khoti pa nkhani ngati yomweyi, pa benchi panja tinakhala ndi mayi wina amene anali ndi kope la ana asukulu lokutidwa ndi nyuzi, mkati mwake analemba ndi bolopeni chilichonse cha miyezi itatu, thumba la makala, sopo, shuga, ya phala la mwana, ya kabaza tsiku limene anathamangira naye ku chipatala usiku, ndipo malisiti a ku nazale anawamata ndi selotepi kumapeto kwa kopelo. Mdzukulu wanga analibe kanthu m'manja, anangobwera ndi mkwiyo wake, atafunsidwa kuti pa mwezi mwana amafuna zingati anayamba kuwerengera pomwepo ndi zala uku akulira. Zinandipweteka mtima chifukwa iye ndi amene ankavutika ndi mwanayo tsiku ndi tsiku koma anaoneka ngati sakudziwa chimene akufuna.

Ndiye inu yambani lero lomwe. Gulani kope, lembani lendi, chakudya, makala, madzi, magetsi, fizi ya nazale, yunifolomu, nsapato, makope, mankhwala, thiransipoti. Zimene zimabwera kamodzi pa temu muzilembe padera. Ndipo chonde musakokomeze, osalemba kuti ana amadya nyama tsiku lililonse pamene mukudziwa kuti ndi usipa ndi masamba, chifukwa bodza limodzi likagwidwa ngakhale zoona zanu zimayamba kukayikitsa. Sungani mameseji a Airtel Money aja osonyeza mwezi umene anatumiza komaliza, sungani ndi machati a pa WhatsApp pamene amakuyankhani kuti zinthu zavuta. Dzina la kampani imene amagwirako mulitchule, ndipo mupemphe khoti kuti iye abweretse pay slip yake chifukwa mawu anu okha oti amalandira 450 sauzande iye atha kungowakana. Ngati ali ndi nyumba ya lendi, golosale, minibasi kapena njinga yamoto imene anapatsa mnyamata wa kabaza, nenani, lamulo likunena za chuma osati salale yokha.

Ndipo akadzafunsa za geni yanu nenani zoona, belo mumaoda zingati, phindu limakhala lotani mwezi wabwino ndi mwezi woipa. Koma munenenso kuti amene amadzuka mamawa kuwasambitsa ndi inu, amene amatseka benchi mwana akadwala ndi inu, amene amagona pansi ku wodi ndi inu. Zimenezo sizikhala ndi lisiti koma majisitireti ayenera kuzimva.

Kopita kwake, mutha kuyambira ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu kapena ku Victim Support Unit ku polisi, kumeneko amakuitanani nonse nkuyesa kukugwirizanitsani, ndipo nthawi zina nkhani imathera pomwepo. Zikakanika pitani ku khoti la ana kapena la majisitireti limene muli nalo pafupi, mukaonane ndi kalaliki, adzalemba chisamani chomuitana bamboyo. Sikuti mpaka mukhale ndi loya, koma mukaona kuti iye wabwera ndi loya kapena nkhani yapota, a Legal Aid Bureau alipo kuti athandize anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Khoti litha kutuma wa Social Welfare kuti adzaone mmene anawo akukhalira nkulemba lipoti, akabwera musabise kanthu komanso musakabwereke mipando kwa aneba.

Chigamulo chikamatuluka chitha kukhala cha ndalama ya mwezi ndi mwezi kapena ya nthawi imodzi, ndipo kwa munthu wa pa ntchito ngati ameneyu khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti ndalamayo izidulidwa ku malipiro ake. Ine ndikanakhala inu ndikanapempha zimenezo poyambirira pomwe, komanso ndikanapempha kuti fizi ndi za ku chipatala zilembedwe pazokha osaziphatikiza mu ndalama ya chakudya, chifukwa fizi imakwera chaka ndi chaka. Akadzasiya kulipira chigamulo chilipo kale, musakamutukwane ku ntchito kwake, bwererani ku khoti komweko ndi pepala lanu, kunyozera chigamulo cha chithandizo cha mwana ndi mlandu ndipo munthu atha kulipitsidwa chindapusa ngakhale kumangidwa kumene.

FUNSO: Azakhali ine ndine bambo ndimakhala ku Area 25, ndimayendetsa minibasi ya eni ake. Khoti linandilamula kuti ndizipereka 60 sauzande pa mwezi kwa mwana wanga wa mkazi woyamba, nthawi imeneyo zinkatheka koma pano minibasi inachita ngozi ili pa galaja mwezi wachitatu uno, ndikungoyenda maganyu a pa depoti, komanso kunyumba kwabadwa khanda ndi mkazi amene ndili naye pano. Chondiwawa kwambiri nchoti mayi wa mwanayo amagwira ntchito ya uphunzitsi amalandira mwezi ndi mwezi koma zonse akufuna kwa ine, ndipo mwanayo amandikaniza kumuona, ndikapita amati wagona kapena wapita kwa agogo ake. Anzanga akuti ndingosiya kulipira mpaka atayamba kundipatsa mwana. Kodi amuna tilibe ufulu?

YANKHO: Achimwene ufulu muli nawo, ndipo ndakondwa kuti mwalemba chifukwa azibambo ambiri amangosowa osanena kanthu. Koma anzanuwo akukuponyani m'dzenje. Chigamulo cha khoti sichitha chifukwa choti minibasi ili pa galaja, chimagwirabe ntchito mpaka khoti lomwelo litachisintha, ndiye mwezi uliwonse umene mwakhala chete 60 sauzande ija ikuunjikana ngati ngongole ndipo tsiku lina mudzaitanidwa kuti mufotokoze, pamenepo nkhani ya ngozi idzamveka ngati chonamizira chabe chifukwa simunanene nthawi yake.

Chimene muyenera kuchita nkubwerera ku khoti limene linagamula nkupempha kuti chigamulocho achionenso poti zinthu zasintha. Lamulo limalola zimenezo, kaya kukweza kaya kutsitsa. Tengani lipoti la polisi la ngoziyo ngati lilipo, kalata ya mwini minibasi yonena kuti galimoto ili pa galaja, kabuku ka ku sikelo ka khanda lija. Monga ndafotokozera mayi wa ku Ndirande pamwambapa, ana ena amene mukuwasamala amawerengedwa, ndipo malipiro a mayi wa mwanayo nawonso amawerengedwa, ndiye ngati nthawi yoyamba ija za uphunzitsi wake sizinatchulidwe bwino, kazitchuleni. Udindo ndi wa nonse awiri, aliyense molingana ndi mphamvu zake.

Koma ndikuuzeni mosapsatira, khanda latsopano silifafaniza mwana woyamba. Khoti litha kutsitsa ndalamayo koma musayembekezere kuti lidzati basi musamapereke kalikonse, chifukwa mwana uja sanasiye kudya tsiku limene minibasi inagunda. Pamene mukudikira tsiku la ku khoti, perekani chimene mwapeza pa maganyupo, kaya ndi 10 sauzande kaya ndi 15, ndipo muzitumiza pa Mpamba kapena Airtel Money kuti meseji ikhale mboni yanu, osapatsira kondakitala kuti akasiye. Munthu wobwera ndi mameseji osonyeza kuti amayesetsa amamvedwa mosiyana ndi amene anangozimitsa foni.

Za kukukanizani mwana, zimenezo nzolakwika ndipo zimandikhudza kwambiri, mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake onse ndipo amayi amene mukuwerenga pano musamasandutse mwana chikole. Komabe imeneyo ndi nkhani ina payokha, muipemphe ku khoti komweko kuti akuikireni masiku oonana ndi mwana wanu olembedwa bwinobwino, kaya Loweruka lililonse kaya pa holide. Mukaphatikiza ziwirizi nkumati sindilipira mpaka ndimuone, wogona ndi njala ndi mwanayo, mayi ake salale yawo alandirabe.

FUNSO: Azakhali kwathu ndi ku Dedza ndipo ukwati wathu unali wa chikamwini. Mwamuna wanga atachoka pamudzi ananyamula zovala zake basi, ndipo ankhoswe ake akuti ana atatuwa ndi a kuchikazi, owasamala ndi atsibweni awo ndiye iye alibe nawo gawo. Nzoona?

YANKHO: Ayi mwanawanga si zoona. Mwambo umatiuza kuti anawo ndi a mbumba iti ndipo mudzi wawo ndi uti, zimenezo palibe akutsutsa, ndipo atsibweni akathandiza tithokoze. Koma lamulo la dziko limaika udindo wodyetsa, kuveka, kuphunzitsa ndi kuchiritsa mwana pa amene anamubereka, kaya ndi chikamwini, kaya chitengwa, kaya kumpoto kolowola. Ngati ndi mlimi wosalandira ndalama pa mwezi, kambani zoti azipereka nthawi yokolola kapena akagulitsa fodya kapena mbatata yake, matumba angati a chimanga ndi ndalama zingati za sukulu. Mukagwirizana pamaso pa ankhoswe kapena amfumu zilembedwe papepala aliyense asaine, ndipo akakana pitani ku Social Welfare pa boma kapena ku khoti la majisitireti.

FUNSO: Moni azakhali, ndili ndi zaka 23 ndipo ndili ndi mimba ya miyezi 6. Chibwenzi changa chakana mimbayi, akuti si yake chonsecho tinayenda limodzi zaka ziwiri ndipo kwawo amandidziwa mpaka mayi ake ankanditcha apongozi. Pano wandibuloka paliponse. Anthu akuti poti sitinakwatirane palibe chimene ndingachite, ena akuti ndidikire mwana abadwe kaye kenako DNA koma ndalama ya DNA ndiitenga kuti ine.

YANKHO: Mwanawanga choyamba usasiye kupita ku sikelo chifukwa cha nkhawa zimenezi, thanzi lako ndi la mwanayo ndiye zoyamba. Anthu amene akuti palibe chimene ungachite akulakwitsa. Mwana wobadwa makolo asanakwatirane ali ndi ufulu wofanana ndendende ndi wobadwira m'banja la ku tchalitchi, ndipo lamulo la mabanja la chaka cha 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limanena kuti mwamuna amene wavomera mimba kapena amene khoti lapeza kuti mimba ndi yake ayenera kuthandiza mayi woyembekezerayo pa nthawi ya mimba komanso pa zofunika pochira. Ndiye sikuti udikire mwana abadwe kuti uyambe kudandaula.

Poti iye akukana, khoti liyamba layang'ana kaye ngati iye ndi bambo wake, ndipo DNA si umboni wokhawo umene limaona. Limaona ngati anavomerapo pagulu, ngati kwawo anachitapo za mwambo zosonyeza kuti mwana ndi wawo, mwana akabadwa limaona dzina limene linalembedwa pa chikalata cha kubadwa, ndipo munthu akamakana kukayezedwa kukanako kumawerengedwa ngati umboni. Ndiye ngakhale wakubuloka usafufute machati akale, makamaka ngati pali pamene unamuuza za mimba iye nkuyankha ngati mwini wake, jambula sikirini usunge pa foni ina kapena utumize kwa mchemwali wako kuopa foni ingabedwe. Zithunzi za kwawo, mameseji a ndalama imene anakutumizirapo ya ku sikelo, anthu akuluakulu amene ankadziwa za chibwenzicho ndipo angavomere kukaima, zonsezo sonkhanitsa. Zikafika pa DNA khoti ndi limene limanena kuti alipire ndani, usadzigamulire wekha kuti nzosatheka.

Ndipo usapite wekha, tenga azakhali ako kapena amayi ako. Lamulo limalolanso wachibale, wa Social Welfare, wapolisi, mphunzitsi ngakhale wa zaumoyo kukapempha chithandizo m'malo mwa mwana, ndiye ngati masiku ayandikira ndipo kuyenda kukukuvuta pali ena amene angakuyendere.

FUNSO: Azakhali chigamulo changa chinatuluka kumayambiriro kwa 2022, bambo wa mwana amapereka 25 sauzande mpaka lero osaphonya, pamenepo sindinganame. Koma ndalama imeneyi pano siifika pena paliponse. Mtsikanayo akwanitsa zaka 18 chaka chamawa ndipo akulemba Fomu 4, ndi wanzeru akufuna za unamwino, koma bambo ake anena kale kuti akangokwana 18 iwo amaliza. Ndine mayi wa ku Chinsapo.

YANKHO: Mayi, pali zinthu ziwiri apa ndipo zonse zikufuna kuti musachedwe. Chigamulo chanu chinatuluka kwacha isanagwetsedwe ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye 25 sauzande ya nthawi imene ija ndi ya lero ndi ndalama ziwiri zosiyana, aliyense wogula ufa ndi mafuta ophikira akudziwa. Ndalama ya chithandizo siikwera yokha zinthu zikakwera mtengo, pamafunika wina akapemphe. Poti bamboyu ndi munthu wosaphonya, ine ndingakonde muyambe mwakhala naye pansi, inu ndi ankhoswe kapena wachibale amene iye amamulemekeza, mumuonetse pepala la mitengo ya 2022 ndi ya lero, mwina atha kukweza yekha popanda kukokana. Mukagwirizana kalembetseni ku khoti kuti zikhale pa chigamulo. Akakana ndiye kapempheni khoti lichionenso, njira yake ndi yomwe ndawauza achimwene a ku Area 25.

Za zaka 18, nzoona kuti kuchokera mu 2017 pamene aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko, mwana ndi munthu wosakwana zaka 18, ndipo chigamulo cha chithandizo nthawi zambiri chimathera pamenepo. Koma khoti litha kulamula kuti chithandizo chipitirire ngati mwanayo akupitiriza sukulu kapena maphunziro a ntchito. Sizichitika zokha, ndiye musadikire tsiku lake lobadwa lidutse, pitani chaka chino ndi malipoti ake a kusukulu ndi kalata ya ahedi yosonyeza kuti akulemba mayeso, ndipo akadzasankhidwa ku koleji kalata yomuitana ndi pepala la fizi mudzazipititsenso. Mtsikanayo ndi wamkulu tsopano, ngati amalankhulana bwino ndi bambo ake muloleni awauze yekha za unamwinozo, awaonetse ndi magiredi ake.